N'chifukwa chiyani sin(A + B) si sin A + sin B?

Usiku wina wa mu June, kuzizira kwa Mzuzu kutafika poti munthu safuna kutulutsa dzanja m'juzi, mwana wa mlongo wanga anandipeza patebulo kunyumba ku Chibavi atagwira kope lake la masamu.

"Malume, apa ndalakwa pati? Aphunzitsi angodula ndi bolopeni yofiira, osalemba kanthu."

Funso linali lopeza sin(30° + 60°). Iye analemba sin 30° + sin 60°, n'kupeza 0.5 + 0.866, yankho 1.366. Ndinamufunsa kuti 30 kuphatikiza 60 ndi zingati. Anati 90. Nanga sin 90°? Anadina calculator, inamupatsa 1. Anakhala chete akuyang'ana manambala awiriwo, kenaka anati, "Komatu 2(3 + 4) timatsegula choncho."

Sananame. Kuyambira ku pulayimale tinaphunzitsidwa kuti nambala ya kunja kwa mabulaketi imachulukitsa chilichonse cha m'kati. Vuto ndi lakuti sin si nambala. Ophunzira ambiri amene amakumana ndi phunziroli kumapeto kwa sekondale kapena chaka choyamba cha koleji amapunthwa pamwala womwewu, ndipo mafomula amene amapatsidwa kuti awathandize amaoneka ngati mndandanda wongoloweza basi.

Sine ndi cosine: makwerero oyedzamira khoma

Tengani makwerero otalika mamita 4 muwayedzamiritse kukhoma. Pakati pa makwererowo ndi nthaka pali ngodya, imene m'kalasi timaitcha ango. Sine wa ango imeneyi amatiuza gawo la utali wa makwerero limene lapita m'mwamba. Cosine amatiuza gawo limene lagona chopingasa, kuchokera patsinde la makwerero kukafika pakhoma.

Ango ikakhala 30°, nsonga ya makwerero ili mamita 2 kuchokera pansi, theka la utali wake, ndiye sin 30° ndi 0.5. Mukawadzutsa kufika 60°, nsonga ifika pafupifupi mamita 3.46. Mukawaimika njo pa 90°, ifika mamita 4, ndipo pamenepo ndiye pamapeto. Yankho la mwana uja la 1.366 linkanena kuti makwerero a mamita 4 afika mamita 5.46, zimene ngakhale mmisiri woledzera sangavomere.

Onaninso kuti madigiri 30 oyamba anakweza nsonga ndi mamita 2, achiwiri ndi 1.46, achitatu ndi 0.54 yokha. Makwerero akamayandikira kuima njo, kuwadzutsa kumawonjezera pang'ono kutalika. Madigiri ofanana sabala kutalika kofanana, n'chifukwa chake simungangophatikiza ma sine awiri.

Amene anayamba kuwerengera zimenezi sankaganiza za makwerero, ankayang'ana nyenyezi. Hipparchus, Mgiriki amene anakhala zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, amadziwika kuti ndiye anayamba kulemba tebulo losonyeza utali wa chingwe cholumikiza malo awiri a pa seko, ndiye kuti mzere wozungulira. Akatswiri a ku India anaona kuti theka la chingwecho ndilo limagwira ntchito kwambiri, ndipo Aryabhata mu 499 analemba tebulo la matheka amenewa. Iwo ankawatcha jya, kutanthauza nsinga ya uta. Aluya anabwereka mawuwo n'kuwalemba jiba, koma poti m'Chiarabu mavawelo ambiri salembedwa, ena anawerenga jaib, limene ndi pindo kapena thumba la chovala. Omasulira mabuku m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100 anaika sinus, mawu awo a pindo. Dzina limene tikuvutika naloli ndi nsinga ya uta imene inawerengedwa molakwika panjira.

Identity n'chiyani?

Equation wamba ili ngati funso lofuna kudziwa mwini chinthu: sin x = 0.5 imakhala yoona pa ango zina zokha, monga 30° ndi 150°, ndipo ntchito yanu ndi kuzipeza. Identity ndi yoona pa ango iliyonse imene mbali zake zonse ziwiri zili ndi tanthauzo. Zili ngati K1,000 ya pepala limodzi ndi ma K500 awiri. Ndalama ndi yomweyo, mumasankha imene ikuthandizeni, kaya mukufuna kusunga m'thumba kaya kulipira kabaza. Pepala la mayeso likalamula kuti simplify, likukupemphani kusintha ndalama zambirimbiri zing'onozing'ono kukhala pepala limodzi, mtengo osasintha.

Fomula yophatikiza ango: makwerero pamtunda

Mafomula ake, amene ndi ma identity, ndi awa:

sin(A + B) = sin A cos B + cos A sin B

cos(A + B) = cos A cos B − sin A sin B

Mafunso amene ophunzira amafunsa ndi awiri. Cosine walowa bwanji m'nkhani ya sine? Nanga chizindikiro chochotsera chachokera kuti, pamene ango tikuziphatikiza?

Tinyamule makwerero athu tipite nawo pamalo otsetsereka ngati ku Masasa, kumene nyumba ina imayang'ana padenga la inzake. Kuti masamu aphweke, tinene kuti makwererowo ndi a mita imodzi. Nthaka yakwera ndi ango A. Makwerero tawaimika kuloza kumtunda, ndipo apanga ango B ndi nthaka yopendekekayo. Munthu woyeza ndi levulo adzati makwerero apendekeka ndi A + B. Tikufuna kudziwa kuti nsonga yake ili pamwamba bwanji poyerekeza ndi tsinde.

Taganizani nyerere imene ikufuna kukafika pansongapo koma osakwera makwerero. Ulendo wake uli pawiri. Poyamba iyenda pansi motsata mtunda, utali wa cos B, kufika pamene payang'anizana ndi nsonga. Kenaka ikwera kamtengo kozikidwa mowongoka ndi nthakayo, kotalika sin B.

Paulendo woyamba nyerere inali kukwera kale chifukwa nthaka ndi yokwera. Inakwera cos B kuchulukitsa ndi sin A. Paulendo wachiwiri, kamtengo kaja sikaloza kumwamba ndendende. Kaima mowongoka ndi nthaka yopendekeka, ndiye kapendekeka nako ndi ango A, ndipo kukwera kwenikweni ndi sin B kuchulukitsa ndi cos A. Phatikizani kukwera kuwiriko, mupeza sin A cos B + cos A sin B. Cosine walowa chifukwa gawo lililonse la ulendo liyenera kuyezedwanso ndi levulo.

Tsopano yezani chopingasa. Ulendo woyamba unapititsa nyerere patsogolo ndi cos A cos B. Koma kamtengo kozikidwa mowongoka ndi mtunda kamaweramira kumbuyo, kumunsi kumene mwachokera. Pokwera kamtengoko nyerere ikubwerera m'mbuyo ndi sin A sin B. Chizindikiro chochotsera m'fomula ya cosine ndi kubwerera kumeneku.

Nditamujambulira zimenezi kuseri kwa kalendala yakale, mwana uja anayesanso funso lake: sin 30° cos 60° + cos 30° sin 60°. Gawo loyamba ndi 0.5 kuchulukitsa ndi 0.5, kupeza 0.25. Lachiwiri ndi 0.866 kuchulukitsa ndi 0.866, kupeza 0.75. Zonse pamodzi 1.

Mafomula a sine m'maonekedwe oyandikira amene tikugwiritsa ntchito lerowa amapezeka m'zolemba za Abu al-Wafa, katswiri wa zakuthambo amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 900. Koma muzu wake ndi wakale kuposa apo.

Kuchotsera ango, ndi mmene Ptolemy anadzazira tebulo lake

Ngati makwerero agonekedwa kumunsi kwa mzere m'malo mokwezedwa, B amasanduka −B. Sine wake amasintha chizindikiro, cosine ayi, chifukwa makwerero oloza m'mwamba ndi 20° ndi oloza pansi ndi 20° amafika mtunda wofanana chopingasa. Zotsatira zake, zizindikiro za pakati zimangotembenuka:

sin(A − B) = sin A cos B − cos A sin B

cos(A − B) = cos A cos B + sin A sin B

Kwa Ptolemy, amene ankakhala ku Alexandria ku Egypt cha m'ma 150, kuchotseraku kunali chida chogwirira ntchito. M'buku lake limene pambuyo pake linadziwika kuti Almagest muli tebulo la zingwe za pa seko, kuyambira theka la digiri mpaka 180°, likukwera ndi theka la digiri. Analibe makina aliwonse. Chimene anali nacho ndi ango zochepa zodziwika kuchokera ku zojambula: 60° kuchokera ku chinthu cha mbali 6 zofanana, 72° kuchokera ku cha mbali 5. Anatsimikiza lamulo lokhudza chinthu cha mbali 4 chojambulidwa m'kati mwa seko, limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake, ndipo lamulolo linamulola kuchotsera ango. Kuchotsa 60° pa 72° kunamupatsa 12°. Anagawa pakati kupeza 6°, kenaka 3°, kenaka 1.5°, kenaka 0.75°. Ndi fomula yophatikiza anayamba kuunjika njerwa zimenezi mpaka khoma kukwera.

Wophunzira wa lero amachita zomwezo akafunsidwa sin 75° popanda calculator. Ango zimene amazidziwa pamtima ndi 30°, 45° ndi 60°, ndiye amafunafuna ziwiri zimene zingabale 75°. Ndi 45° ndi 30°:

sin 75° = (√2/2)(√3/2) + (√2/2)(1/2) = (√6 + √2)/4

Pa calculator imeneyi ndi 0.9659. Mukachotsera m'malo mophatikiza, sin 15° ndi (√6 − √2)/4, pafupifupi 0.2588.

Pa digiri imodzi yeniyeni Ptolemy anakakamira. Kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa pakati sikungakufikitseni pa 1° kuchokera pa 3°, pamafunika kugawa patatu. Iye anangoipanikiza pakati pa manambala awiri oyandikana kwambiri n'kutenga za pakatipo. Al-Kashi, katswiri amene ankagwira ntchito ku Samarkand ndipo anamwalira mu 1429, anapeza sin 1° mpaka manambala oposa khumi kuseri kwa kadontho pogwiritsa ntchito njira yobwerezabwereza. Mu 1837 Pierre Wantzel wa ku France anatsimikiza kuti si ango zonse zimene zingagawike patatu ndi rula ndi kampasi zokha. Ngakhale 60° yodziwika bwinoyi singagawike choncho kuti ibale 20°. Mukaona kuti mafunso a mayeso amakonda 15°, 75° ndi 105° koma safunsa mtengo weniweni wa sin 20°, chifukwa chake n'chimenechi.

Kufupikitsa: kuwerenga fomula chobwerera

Apa ndi pamene ambiri amataya mamalikisi, ngakhale amene analoweza bwino. Anazolowera kuwerenga fomula kuchokera kumanzere kupita kumanja, kumasula mtolo. Mafunso ofupikitsa nthawi zambiri amafuna kuti mumange mtolowo.

Tengani sin 50° cos 20° − cos 50° sin 20°. Palibe amene amadziwa sin 50° pamtima, ndipo sizikufunika. Yang'anani kaimidwe kake: sine ndi cosine asakanikirana, ango ndi ziwiri zomwezo zitasinthana malo, pakati pali kuchotsera. Ameneyu ndi sin(50° − 20°), amene ndi sin 30°, theka. Winanso: cos 70° cos 20° − sin 70° sin 20°. Ma cosine ali paokha, ma sine paokha, ndiye ndi fomula ya cosine. Pakati pali kuchotsera, ndiye ango zikuphatikizidwa. Ndi cos 90°, ziro.

Nthawi zina mumayamba mwamasula kuti zina zidyane. Chitsanzo chimene ine ndimachikonda ndi sin(x + 30°) + cos(x + 60°). Gawo loyamba limabala (√3/2) sin x + (1/2) cos x. Lachiwiri limabala (1/2) cos x − (√3/2) sin x. Ma sine afafanizana, matheka awiri a cosine aphatikizana, chatsala ndi cos x basi. Musanatseke kope, ikani x = 0 muone: sin 30° + cos 60° ndi 0.5 + 0.5, ndipo cos 0° ndi 1. Kuyesa ndi ango imodzi sikutsimikiza kuti identity ndi yoona, koma kumagwira msanga chizindikiro chimene chatembenuka.

Malamulo ena amene amalembedwa paokha pabolodi ndi ana a mafomula omwewa. Ikani A = 90° mu cos(A − B), mupeza kuti cos(90° − B) ndi sin B. Ikani A = 180° mu sin(A − B), mupeza kuti sin(180° − B) ndi sin B. Ikani B = A mu sin(A + B), mupeza sin 2A = 2 sin A cos A.

Pali mtundu wina wa funso umene sapereka ango konse. Amati sin A = 3/5 ndipo cos B = 12/13, ango zonse ndi zosakwana 90°, pezani sin(A + B). Amisiri omanga nyumba amaidziwa thirayango ya 3, 4, 5 chifukwa ndi imene amawongolera nayo ngodya za maziko ndi chingwe ndi zikhomo, ndiye cos A ndi 4/5. Thirayango inayo ndi ya 5, 12, 13, ndiye sin B ndi 5/13. Yankho ndi 36/65 + 20/65 = 56/65. Msampha uli pa mawu akuti "zosakwana 90°". Funso likanena kuti A ili pakati pa 90° ndi 180°, cos A amakhala −4/5, ndipo yankho lonse limasintha.

Tangent ndi kupendekeka kwa denga

Tangent ndi sine kugawa ndi cosine, kapena m'chilankhulo cha akalipentala, kukwera kwa denga pa mita iliyonse yopingasa. Mukagawa fomula ya sin(A + B) ndi ya cos(A + B), kenaka n'kugawa pamwamba ndi pansi pomwe ndi cos A cos B, mumapeza:

tan(A + B) = (tan A + tan B)/(1 − tan A tan B)

Tiyerekeze denga limene limakwera mita imodzi pa mamita 2 alionse, tangent wake 1/2. Padengapo mukufuna kuika sola pa chimango chimene chimakwera mita imodzi pa mamita 3, tangent wake 1/3. Nzeru yachangu imati 1/2 + 1/3 = 5/6. Fomula imati 5/6 agawidwe ndi 1 − 1/6, amenenso ndi 5/6, ndipo yankho ndi 1 ndendende. Solayo yapendekeka ndi 45°. Yezani padera: ango yoyamba ndi pafupifupi 26.57°, yachiwiri 18.43°. Ango zimaphatikizika mwachindunji, kupendekeka ayi. Ndipo pansi pa fomulayo pakafika ziro, A + B yakwana 90°, chinthucho chaima njo ndipo tangent alibe mtengo.

Kuchigayo ndi pa gitala

Magetsi a ESCOM amasinthasintha mbali, kupita ndi kubwerera, maulendo 50 pa sekondi, ndipo kukwera ndi kutsika kwake kumatsata sine. Chigayo chimafuna magetsi a three-phase, mawaya atatu amoto amene mafunde ake amasiyana ndi 120°. Phatikizani atatuwo: sin x + sin(x + 120°) + sin(x − 120°). Mukamasula awiri omalizawo, magawo a cos x sin 120° amafafanizana, kutsala 2 sin x cos 120°. Poti cos 120° ndi −1/2, zimenezi ndi −sin x, ndipo zonse pamodzi ndi ziro. N'chifukwa chake mota imene ikukoka mofanana pa mawaya atatu onse sifuna waya wachinayi wobwezera magetsi.

Lamulo lomwe tagwiritsa ntchito apali, sin(x + y) + sin(x − y) = 2 sin x cos y, limamveka ndi khutu. Woimba gitala m'kwaya akamachuna, nsambo imodzi ikunjenjemera maulendo 440 pa sekondi ndipo inzake 442, amamva liwu limodzi likukula ndi kuchepa kawiri pa sekondi, ngati likupuma. Akamapotokola chikhomo kupumako kumachedwa, mpaka kutha nsambo zikagwirizana.

Calculator isanabwere, mafomulawa ankagwiranso ntchito yochulukitsa manambala. Popeza cos A cos B ndi theka la cos(A + B) + cos(A − B), munthu wokhala ndi tebulo la cosine ankatha kusandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza. Kuti apeze 0.8 kuchulukitsa ndi 0.6, ankapeza ango zake, 36.87° ndi 53.13°. Kuziphatikiza ndi 90°, cosine wake ziro. Kusiyana kwake ndi 16.26°, cosine wake 0.96. Theka lake 0.48. Pa manambala aafupi chonchi n'kudzivutitsa, koma pa manambala aatali a zakuthambo, Tycho Brahe wa ku Denmark ndi omuthandiza ankapulumutsa nayo nthawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, John Napier asanatulutse ma logarithm, njira ina yosandutsira kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, mu 1614.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Nkhani yoyamba ndi yoloweza. Aphunzitsi ena amati wophunzira aloweze mafomula onse mpaka aziwatchula ali m'tulo, chifukwa m'chipinda cha mayeso mulibe nthawi yojambula makwerero, ndipo diso silingazindikire fomula yobisika ngati silinaione kambirimbiri. Ena amati aloweze imodzi yokha, kawirikawiri cos(A − B), n'kudziwa kutulutsamo zinazo, chifukwa choloweza chopanda chithunzi chimasokonekera zizindikiro pakangopita miyezi. Pali ophunzira amene anakhoza ndi njira iliyonse mwa ziwirizi. Palinso funso lakuti kupeza (√6 + √2)/4 ndi dzanja kuli ndi phindu lanji kwa munthu amene foni yake imamupatsa 0.9659 nthawi yomweyo. Oikira kumbuyo njira ya dzanja amati calculator singakuuzeni kuti mafunde atatu aja amathera pa ziro pa x aliyense. Otsutsa amati mfundo imeneyo ikuteteza kufupikitsa kwa zilembo, osati kuwerengera ango za manambala.

Yachiwiri ndi ya umboni woyenera kuyamba nawo. Makwerero athu amagwira ntchito bwino A + B ikakhala yosakwana 90°. Kupitirira apo pamafunika seko. Leonhard Euler mu 1748 anasindikiza fomula yolumikiza sine ndi cosine ndi manambala otchedwa complex, imene imatulutsa mafomula onsewa m'mizere iwiri, koma ena amafunsa ngati umboni wotero sukudalira mobisa chinthu chomwe ukufuna kutsimikiza. Yankho limatengera mmene munatanthauzira sine poyamba.

Funso la kuzungulira pamalo amodzili linamvekanso m'nyuzi mu 2023. Ikani B = A mu cos(A − B), mupeza cos²A + sin²A = cos 0° = 1, limene ndi lamulo la Pythagoras, lija la mbali za thirayango yokhala ndi ango ya 90°, litavala malaya ena. Elisha Loomis analemba mu 1927 kuti lamulo la Pythagoras silingatsimikizidwe ndi trigonometry chifukwa trigonometry imayedzamira pa lamulolo. Mu 2009 Jason Zimba anaonetsa njira yodzera m'mafomula ochotsera ango, mozemba vuto lakuti thirayango yokhala ndi ango ya 0° si thirayango. Mu March 2023 atsikana awiri a sekondale ku New Orleans, Calcea Johnson ndi Ne'Kiya Jackson, anaonetsa umboni wawo pamsonkhano wa American Mathematical Society, ndipo ntchito yawo inasindikizidwa mu 2024. Chimene anthu amakambiranabe ndi malire: umboni umatchedwa wa trigonometry pati, ndipo ndi pati pamene uli chabe wa mathirayango ofanana maonekedwe utalembedwa ndi sin ndi cos?

Yomaliza ndi yathu ino. Masamu a sekondale amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi, koma ophunzira a mu Mzuzu akakhala pagulu amafotokozerana m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, mawu a sine, cosine ndi identity okha n'kutsala momwemo. Ena amafuna mawu athuathu a zinthu zimenezi. Ena amati mawuwo akhale, bola kufotokoza kuchitike m'chilankhulo chimene mwana amaganizira, popeza mayeso ndi mabuku a ku koleji adzamupeza ndi mawu omwewo. Ngati mawu atsopano atapangidwa, ndani angawasankhe, ndipo mumzinda wa zilankhulo ziwiri ngati uno angakhale a chilankhulo chiti?